LIU LAKUTI “TUTOR”: KUMENE LINACOKERA NDI ULENDO WACE

Pali mau ena a Cingerezi amene analowa m’midzi mwathu osaodira, ndipo timawachula tsiku ndi tsiku osafunsa kumene anacokera. Awiri mwa mau otere akhudza nchito yathu ya uphunzitsi, ndiwo liu lakuti “tutor” ndi mbale wace “tuition”. Mayeso akayandikira, kholo limene liri ndi kanthu m’thumba limafunafuna munthu woti aphunzitse mwana wace payekha, madzulo kapena pa masiku a chuthi, ndi kumlipira. Munthuyo ndiye amene Angerezi amucha “tutor”, ndipo maphunziro amenewo, pamodzi ndi ndalama zace, awacha “tuition”.

Tanthauzo limeneli ndi loona lero lino. Komatu pamene liuli linabadwa silinali kunena za kuphunzitsa, ngakhale za malipiro iai. Linali kunena za mwana wamasiye ndi munthu amene anaikidwa kumsunga. Tiyeni, abale ndi alongo aphunzitsi, tilondole mapazi a liuli kuyambira kwao, kuti tione cimene linatola panjira ndi cimene linataya. Pakuti cimene linatayaco ndico cifunika kwa ife koposa.

Muzu wa liu

Liuli ndi la Cilatini, cinenero ca Aroma akale. Iwo anali ndi mneni wakuti “tueri”, ndiko kunena kuyang’anira, kulonda, kuchinjiriza. Monga ife titenga kulima ndi kupanga mlimi, kapena kusunga ndi kupanga msungi, momwemonso Aroma anali kuika “-tor” kumapeto kwa mneni pofuna kuchula mwini nchito. Cotero “tutor” ndiye wolonda, msungi, mchinjirizi. Aphunzitsi a ku Roma anali nao maina ao ena. Wa sukulu ya ana ang’ono anali “magister”, wophunzitsa mabuku a alakatuli anali “grammaticus”, ndipo wophunzitsa anyamata kulankhula pa bwalo anali “rhetor”. Palibe mmodzi mwa iwowa amene anachedwa “tutor” cifukwa ca kuphunzitsa kwace.

Msungi wa amasiye m’malamulo a Aroma

Kwa Aroma ulamuliro wonse wa banja unali m’manja mwa atate. Atate akamwalira ndi kusiya mnyamata wosakwana zaka 14, kapena mtsikana wosakwana zaka 12, mwanayo anali kusanduka mwini wa cuma cimene sakanatha kucisamala. Mwana wotere anachedwa “pupillus”, ndipo lamulo linafuna kuti akhale ndi “tutor” wace. Zimenezi zinalembedwa kale m’malamulo oyamba a Roma, ochedwa Magome Khumi ndi Awiri, a ca m’ma 450 B.C.

Njira zopezera msungiyu zinali zitatu. Yoyamba, atate eni ace anali kumchula m’kalata yao ya masiye. Yaciwiri, ngati sanachule munthu, udindo unali kugwera mbale wamwamuna wapafupi wa kucimuna. Yacitatu, imene inadza pambuyo pace, ngati panalibe mbale wotere, woweruza wa boma anali kusankha munthu. Pano tiona kuti mwambo wa Aroma ufanana ndi wa Angoni, kumene ana a womwalira ayang’ana kwa atate ao aakulu kapena aang’ono. Koma kwa Acewa ndi Ansenga mtolo wotere ndi wa mtsibweni, mwini mbumba, amene asamala ana a mlongo wace.

Nchito ya “tutor” inali yolemera. Poyamba anayenera kulemba cuma conse ca mwanayo: minda, nyumba, ng’ombe, ndalama ndi ngongole. Anayenera kucisamala kuti cisathe koma cicuruke. Kawirikawiri mwana anali kukhalabe ndi amace, ndipo msungi anali kuturutsa ndalama za cakudya, za zobvala ndi za malipiro a aphunzitsi. Mwana akakula, msungi anayenera kum’bwezera zonse ndi kufotokoza bwino lomwe m’mene anayendetsera kanthu kali konse. Wopezeka kuti anabako anali kulipira kawiri mtengo wa cimene anaba, ndipo wotsutsidwa pa mlandu wa cinyengo anali kutaya dzina lace labwino pamaso pa mudzi wonse. Munthu ali yense anali ndi ufulu wokaneneza msungi wokayikitsa. Ngakhale akazi, amene sanaloledwe kuneneza anthu pa milandu yambiri, pa mlandu uwu analoledwa, monga amai a mwanayo, ambuye ace, mlongo wace kapena mlezi amene anamuyamwitsa.

Ndiponso nchitoyi sinali ya malonda. Inayesedwa mtolo umene nzika isenzera mudzi wace, ndipo munthu sanali kuukana popanda cifukwa cobvomerezeka. Buku la malamulo lochedwa Institutes, limene mfumu Justinian inaturutsa m’caka ca 533 A.D. kuti aphunziremo anyamata ofuna nchito ya malamulo, lichula zifukwa zimenezi. Anamasulidwa munthu wopitirira zaka 70, wodwala, waumphawi, wosunga kale amasiye a mabanja atatu, ndi wokhala ndi ana ace amoyo atatu mu Roma, anai m’Italy, kapena asanu m’maiko ena a ufumuwo. Pa mndandanda womwewo pali cinthu cimene cingatiseketse ife: asing’anga ndi aphunzitsi a “grammar” ndi a kulankhula pa bwalo, amene boma linawawerenga, anamasulidwanso. Ndiye kuti ku Roma mphunzitsi ndiye anali mmodzi wa anthu owerengeka amene akanatha kukana kukhala “tutor”.

Kapolo woperekeza mwana

Panalinso munthu wina wokhala pafupi ndi mwana, amene Aroma anatengera kwa Agriki. Dzina lace linali “paidagogos”, kucokera ku mau awiri a Cigriki otanthauza mwana ndi kutsogolera. Ameneyu kawirikawiri anali kapolo wacikulire wa pabanjapo. Kuyambira pamene mnyamata anali ndi zaka ngati 7, kapoloyu anali kumperekeza ku sukulu m’mamawa, kumnyamulira zolembera zace, kumdikira, ndi kubwera naye madzulo. Anali kumlangiza kayendedwe, kadyedwe ndi ulemu kwa akulu, ndipo anali ndi mphamvu yomkwapula. Iyenso sanali mphunzitsi weniweni. Nchito yace inali kufikitsa mwana kwa mphunzitsi ali bwino. Kucokera ku dzina la kapolo ameneyu kunabadwa liu lakuti “pedagogy”, limene tinakomana nalo ku sukulu ya uphunzitsi.

Anthu awiriwa, woperekeza ndi msungi wa cuma, apezeka onse m’kalata ya Paulo kwa Agalatiya, woyamba pa 3:24, waciwiri pa 4:2. Ndipo m’mene omasulira anawachulira m’mibadwo yosiyana zitionetsa poyera ulendo wa liu lathu. Baibulo la Cilatini lochedwa Vulgate linacha msungi wa cuma uja “tutor”. Baibulo la Cingerezi la m’caka ca 1611 linacitanso cimodzimodzi, ndipo woperekeza uja linamucha “schoolmaster”. Koma pamene Angerezi anakonzanso Cipangano Catsopano cao m’caka ca 1881, anacotsa “tutor” pa msungi wa cuma naikapo “guardian”, ndipo “tutor” anampatsa woperekeza mwana. M’zaka 270 liulo linali litasamuka, kotero kuti wowerenga wamba sakanamvanso kuti linena za wosunga amasiye. Omasulira Buku Lopatulika, limene linaturuka lathunthu m’caka ca 1922, pofika pa woperekeza uja anasankha liu lathu lakuti namkungwi. Tidzabweranso ku liu limeneli.

Ophunzitsa ana a mafumu

Nchito yophunzitsa mwana mmodzi payekha inalipo kale liu la “tutor” lisanaikidwe pa iyo. M’caka ca 343 B.C. Philip, mfumu ya Macedonia, anaitana Aristotle, wanzeru wa Agriki, kuti aphunzitse mwana wace Alexander, amene anali ndi zaka 13. Anakhala naye pa malo ochedwa Mieza zaka ngati zitatu, ndipo mnyamatayo anadzakhala wogonjetsa maiko kufikira ku India. M’caka ca 49 A.D. Agrippina, mkazi wa mfumu ya Roma, anabweza Seneca kucokera ku cisumbu ca Corsica kumene anampitikitsira, kuti aphunzitse mwana wace Nero. Nero analowa ufumu m’caka ca 54, ndipo zaka zoyamba anamvera mphunzitsi wace. Koma m’caka ca 65 anamtumizira mau akuti adziphe, ndipo Seneca anatero. Mbeu yabwino siimera pa nthaka iri yonse.

Ngakhale masiku amenewo anthu anali kutsutsana ngati nkwabwino kuphunzitsa mwana kunyumba kapena kumtumiza ku sukulu. Quintilian, mphunzitsi womveka wa ku Roma, amene anali kulandira malipiro ace kucokera ku boma, analemba buku lace la maphunziro ca m’ma 95 A.D., naima ku mbali ya sukulu. Maganizo ace anali akuti mwana wophunzira yekha amakula wamanyazi, kapena amadzitukumula popeza alibe mnzace wodziyesa naye. Koma m’kalasi mwana amva pamene anzace ayamikidwa ndi pamene adzudzulidwa, naphunzirapo, napezanso abwenzi a moyo wace wonse. Cinkana anatero, iye mwini anaitanidwa ndi mfumu Domitian kukaphunzitsa anyamata awiri a banja lacifumu payekha, ndipo sanakane.

Kumene liu linatembenukira

Liu la “tutor” linalowa m’Cingerezi podzera m’Cifalansa ca kumapeto kwa zaka za m’ma 1300, likali ndi tanthauzo lace lakale la msungi. Malo amene linasinthira ndiwo masukulu aakulu a Oxford ndi Cambridge ku England. Masiku amenewo anyamata anali kupita kumeneko akali ang’ono, ena a zaka 14 kapena 15, ulendo wa masiku angapo kucokera kwao. Atate sakanasiya mwana wotere yekha m’mudzi wodzala ndi nyumba za mowa. Tsono anali kumpereka m’manja mwa mmodzi wa akulu ophunzira a pa koleji, nasiya ndalama za mwanayo kwa iye. Wamkuluyo anali kulipira cakudya, zobvala ndi mabuku a mnyamatayo, kuyang’anira mayendedwe ace, nthawi zina kugona naye cipinda cimodzi, ndi kulembera atate ace za m’mene alikucitira. Popeza anali kusunga mwana wa mwini ndi cuma cace, dzina lomuyenera linali “tutor”, ndipo mnyamatayo anali “pupil” wace, monga wamasiye wa ku Roma uja.

Koma munthu wophunzira sangakhale m’cipinda cimodzi ndi mnyamata wobvutika ndi buku, iye nangopenya. William of Wykeham, bishopu wa Winchester, amene anakhazika New College ku Oxford m’caka ca 1379, anaika m’malamulo a koleji yace kuti akulu aziphunzitsa ang’ono ndi kulandirapo kanthu. Mwambowo unafalikira m’makoleji ena, ndipo m’caka ca 1636 malamulo atsopano a Oxford, amene anakonzedwa pansi pa William Laud, analamula kuti wophunzira ali yense wosatsiriza akhale ndi “tutor” wace, munthu wa makhalidwe oyesedwa. Pang’ono ndi pang’ono nchito yosunga ndalama inacepa, yophunzitsa inakula, kufikira dzina linatsala pa kuphunzitsa.

Mau ena awiri anayenda ulendo womwewo. “Pupil”, amene anali wamasiye, pofika kumapeto kwa zaka za m’ma 1500 anali atasanduka mwana wa sukulu. Tsono pamene tilemba liu limeneli pamwamba pa kaundula wa kalasi, tirikulemba dzina lakale la ana amasiye. “Tuition”, locokera ku muzu womwewo wa “tueri”, poyamba linali kusunga, pambuyo pace kuphunzitsa, ndipo m’zaka za m’ma 1800 linayamba kutanthauzanso ndalama zolipira maphunziro. Taonani makwerero atatuwo: kusunga, kuphunzitsa, kulipira.

M’nyumba za olemera

Kucokera m’makoleji liuli linalowa m’nyumba za mafumu ndi za eni minda, amene anali kulemba munthu wophunzira kuti akhale pakhomo pao. Roger Ascham anaphunzitsa Cigriki ndi Cilatini mwana wamkazi wa mfumu, Elizabeth, kuyambira m’caka ca 1548, ndipo mtsikanayo anadzakhala mfumukazi ya England. Thomas Hobbes analowa nchito yotere m’banja la Cavendish m’caka ca 1608, nakhala womangika ku banjalo zaka zambiri za moyo wace, namwalira m’nyumba yao m’caka ca 1679 ali ndi zaka 91. John Locke, m’buku lace la maphunziro la m’caka ca 1693, anatsutsa maganizo onga a Quintilian aja, nati nkwabwino mwana aphunzire kwao, ndipo posankha womphunzitsa atate ayang’ane makhalidwe ace koposa Cilatini cace. M’caka ca 1764 Adam Smith anasiya mpando wace wa uphunzitsi ku Glasgow kuti ayende m’dziko la France ndi mnyamata mmodzi, Duke of Buccleuch, atalonjezedwa mapaundi 300 pa caka kwa moyo wace wonse. Ndipo ndalama zimenezo zinampatsa mpata wolemba buku lace lomveka la za cuma ca maiko, limene linaturuka m’caka ca 1776.

Awa ndi amwai owerengeka. Ambiri a iwo anali anyamata ophunzira koma osauka, ndi akazi ochedwa “governess”, amene pakhomo pa wolemera sanali abale, ndiponso sanali anchito wamba. Malipiro ao anali ocepa, ndipo mwana akakula anali kuuzidwa kuti anyamule katundu wao. Koma pakati pao panapezeka ena amene anabwezera nchitoyi ulemu wace wakale. M’mwezi wa March 1887 Anne Sullivan, mtsikana wa zaka 20 wa maso obvuta, anafika ku Tuscumbia m’dziko la America kudzaphunzitsa Helen Keller, mwana wa zaka 6 amene anali wakhungu ndi wogontha kuyambira ukhanda wace. Anamphunzitsa mau polemba zizindikiro m’dzanja lace, namperekeza kufikira anatsiriza koleji m’caka ca 1904, nakhala naye zaka 49 kufikira imfa inawalekanitsa m’caka ca 1936. Iye anali kulandira malipiro, koma palibe angakane kuti anali msungi wa mwanayo.

Gareta wa mayeso

Pali liu linanso la Cingerezi limene litiululira mbali yina ya nkhaniyi. M’dziko la Hungary muli mudzi wochedwa Kocs, umene unachuka m’zaka za m’ma 1400 cifukwa ca magareta ace abwino okokedwa ndi akavalo, ndipo kucokera ku dzina la mudziwo Angerezi anacha gareta wotere “coach”. Ca m’ma 1830 anyamata a ku Oxford anayamba kuchula moseka mphunzitsi wolipidwa wowakonzera mayeso kuti “coach”, popeza anali kuwanyamula ndi kuwaolotsa mayeso monga gareta anyamula munthu wosafuna kuyenda pansi. Pamene boma la Britain linayamba kupereka nchito zace mwa mayeso opikisana, za ku India kuyambira 1855 ndi zambiri za kwao kuyambira 1870, aphunzitsi otere anacuruka ndithu. Nchito yao inali kudziwa zimene wofunsa akonda kufunsa, ndi kuzithira m’mutu mwa mnyamata pa miyezi yowerengeka.

Kuli konse kumene mayeso amodzi atsegula kapena kutseka khomo la moyo wa mwana, malonda amenewa amamera. Ku South Korea anakula kotero kuti boma linawaletsa m’caka ca 1980, poona kuti ana a osauka alikutsalira. Koma makolo anapitiriza mobisa, ndipo m’caka ca 2000 bwalo lalikulu la dzikolo linafafaniza ciletsoco. Boma la China nalo m’caka ca 2021 linaletsa makampani kupanga phindu pophunzitsa padera maphunziro a m’sukulu. Cifukwa cimene makolo salekera ncodziwika: kuphunzitsa mwana mmodzi payekha kuli ndi mphamvu. Benjamin Bloom wa ku Chicago analemba m’caka ca 1984 kuti m’zoyesa za ophunzira ace, mwana wamba wophunzitsidwa payekha anapambana ana 98 mwa 100 a m’kalasi wamba. Ofufuza a pambuyo pace apeza phindu locepera pamenepo, koma abvomereza kuti liripo. Mphamvu imeneyi icokera pa cinthu cimodzi: wophunzitsa aona msanga pamene mwana wakhumudwa, namdzutsa asanapitirire. Ndiko kuyang’anira kuja kwa “tueri”.

Tanthauzo lakale silinafe konse. M’malamulo a Scotland, kwao kwa amishoni a Livingstonia, wosunga mnyamata wamasiye wosakwana zaka 14 kapena mtsikana wosakwana zaka 12 anachedwabe “tutor” kufikira m’caka ca 1991. Anansi athu a ku Mozambique, polankhula Cipwitikizi, akati “tutor” pa milandu anena wosunga mwana, ndipo wophunzitsa padera amucha “explicador”, ndiye wofotokozera. Afalansa acha “tuteur” ngakhale kamtengo kamene mlimi azika pambali pa mbeu yanthete, monga ticitira ndi matimati, kuti ingagwe ndi mphepo.

Timuche ciani m’Cinyanja?

Mwana akafunsa m’kalasi, yankho lapafupi ndi lakuti “tutor” ndiye mphunzitsi wapadera, kapena mphunzitsi wa pakhomo. Mau amenewa akwanira pa mayeso a kumasulira, koma anena za nchito yokha, osanena za udindo. Cinenero cathu ciri nao mau ena oyenera kuwayesa. Mlezi alera khanda, koma saphunzitsa za m’buku. Nkhoswe iyankha mlandu wa mbale wace ndi kusunga ukwati wace, ndipo pamenepo ifanana ndi “tutor” wa ku Roma. Koma nkhoswe siikhala ndi mwana tsiku ndi tsiku. Namkungwi alangiza ndi kutsogolera, ndipo omasulira aja sanalakwe pomsankha. Komatu namkungwi ndiye mkulu wa cinamwali conse, woyang’anira anamwali onse pamodzi, monga mphunzitsi wa kalasi.

Liu loyandikira koposa ndi phungu. Pa mwambo wa Acewa namwali ali yense amapatsidwa phungu wace, munthu amene anapita kale m’njira yomweyo. Phungu akhala pambali pa namwali wace, am’bwerezera zimene namkungwi wanena kufikira wazimvetsa, amsamala pa zosowa zace, ndipo namwali akalakwa manyazi agwera phungu. M’liu limodzi limeneli muli zonse zimene Cilatini ndi Cingerezi zinagawa pakati: kusunga ndi kuphunzitsa, mwana mmodzi ndi wamkulu mmodzi. Lero ticha phungu munthu wotiimira ku Nyumba ya Malamulo, cotero liuli nalo lirikuyenda ulendo wace. Koma m’midzi tanthauzo loyamba likali kumveka, ndipo mphunzitsi wofotokozera ana liu la “tutor” adzawathandiza akayambira pamenepo.

Cimene mbiri iyi ifuna kwa ife

Palibe manyazi kuti mphunzitsi alandire kanthu cifukwa ca thukuta lace la madzulo, malinga ngati malamulo a Unduna wa Maphunziro ndi a sukulu yace amlola. Tonse tidziwa kuti malipiro a mwezi amatha mwezi usanathe. Koma amene abvomera dzina la “tutor” adziwe kuti wabvomera dzina la msungi, ndipo msungi wa ku Roma anamangidwa ndi zinthu zinai zimene ziyenera kutimanga ifenso.

Coyamba, sanaloledwe kudya cuma ca mwana. Maphunziro a m’mawa ndi cuma ca ana onse a m’kalasi, ndipo boma kapena mishoni inalipira kale. Mphunzitsi amene abisa mutu wobvuta m’mawa kuti akaugulitse madzulo kwa okhoza kulipira, wagulitsa munda wa amasiye.

Caciwiri, anayenera kufotokoza za usungi wace. Kholo limene lagulitsa thumba la nshawa kapena mbuzi kuti lilipire maphunziro apadera liyenera kuuzidwa zoona: pamene mwana anayambira, pamene wafika, ndi cimene cikali kum’bvuta. Kulonjeza kuti mwana adzapambana, kapena kumfunira mafunso a mayeso m’njira zamdima, ndi nchito ya gareta wothyoka, amene adzataya mwanayo kutsidya kwa mtsinje osadziwa kuyenda.

Cacitatu, anali mchinjirizi wa mwana, ndipo mudzi wonse unali ndi ufulu womfunsa. Cotero maphunziro apadera acitikire poyera, m’kalasi kapena pakhonde, ana awiri kapena atatu pamodzi, makolo ndi mkulu wa sukulu akudziwa. Makamaka ngati wophunzirayo ndi mtsikana. Kutero kucinjiriza mwana, ndiponso kusunga dzina la mphunzitsi.

Cacinai, usungi wace unali ndi malire. Mnyamata akakwana zaka 14 msungi anali kum’bwezera zace, monga mlimi azula kamtengo kocirikiza mbeu ikalimba. Mwana amene waphunzitsidwa padera zaka zitatu, koma sakhoza kutsegula buku ndi kudziwerengera yekha, sanathandizidwe.

Pomariza tikumbukire mwini wace weniweni wa liuli. “Tutor” woyamba sanaikidwe cifukwa ca mwana wa wolemera wofuna kupambana anzace, koma cifukwa ca mwana amene atate ace anamwalira. M’kalasi iri yonse ya kumudzi alimo wotere: akhala kumbuyo, afika mocedwa cifukwa anayamba wapita kumunda kwa ambuye ace, ndipo palibe amene adzabwera ndi ndalama kudzampemphera maphunziro a madzulo. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati mphunzitsi ali yense wa bungwe lathu, pokhala pansi ndi ana olipira, akaika mpando umodzi wa mwana amene sangathe kulipira, liu limene linacoka ku Roma zaka zoposa 2,000 zapitazo lidzakhala litapezanso tanthauzo lace m’sukulu zathu.